Kufunafuna Zida Zakale za Umisiri wa Matabwa

Nkhani ya sabata ino ikukhudza amisiri a matabwa, makamaka anyamata ndi atsikana amene anatsiriza maphunziro a ukalipentala koma angokhala pakhomo chifukwa chosoŵa zida. Mmisiri wopanda zida ali ngati mlimi wopanda khasu. Luso ali nalo, koma banja lake ligona ndi njala. Zida zatsopano zolimba n'zokwera mtengo kwambiri, ndipo zambiri zotsika mtengo sizikhalitsa pa ntchito. Komatu ilipo njira ina imene amisiri akuluakulu amaidziŵa bwino, ndiyo kufunafuna zida zakale pa okishoni, pa malonda a katundu wa m'nyumba, ndiponso kwa ogulitsa zitsulo zakutha m'misika monga ya ku Ndirande, Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu.

Zida zimenezi zinaloŵa m'dziko muno kudzera m'njira zingapo. Amishoni a ku Scotland, amene anakhazikitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, anali kuphunzitsa ntchito zamanja pamodzi ndi kuŵerenga, ndipo sukulu ya Overtoun imene inatsegulidwa ku Khondowe mu 1894 inatulutsa akalipentala ambiri. Zida zina zinadzera m'sitolo za Mandala, zina m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, zinanso m'nyumba zokonzera sitima zapamtunda ku Limbe. Amuna amene anapita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ena mwa iwo anabwerako ndi bokosi la zida. Zambiri mwa zida zimenezo zikalipobe, zina m'nkhokwe, zina pansi pa bedi, zina pa mulu wa zitsulo zadzimbiri pamsika.

Wofunafuna ayenera kudziŵa maina angapo olembedwa pa zitsulozo. Dzina loyamba ndi Stanley. Mu 1869 kampani imeneyi, ya mumzinda wa New Britain ku Amereka, inagula nzeru za mmisiri wina wotchedwa Leonard Bailey, amene anakonza puleni yachitsulo yokhala ndi kagudumu kotsitsira ndi kukwezera mpeni. Ndicho chifukwa chake pa mapuleni ambiri palembedwa Bailey. Dzina lachiŵiri ndi Record, la mumzinda wa Sheffield ku Mangalande, kumene anayamba kupanga mapuleni otere mu 1931. Mapuleni a Record amadziŵika ndi utoto wobiriŵira ngati thambo. Ku Sheffield komweko kunkachokera matchizulo a Marples ndi masowo a Spear & Jackson, pamene masowo a Disston ankachokera ku Philadelphia.

Pa puleni iliyonse ya mtundu wa Bailey pamakhala nambala, ndipo nambalayo imanena ntchito yake. Nambala 4 ndi yaifupi, ya mainchesi pafupifupi 9, yosalazira thabwa pomaliza. Nambala 5 ndi ya mainchesi 14, ndipo ndiyo imayamba kupala thabwa lochokera kwa ocheka. Nambala 7 ndi yaitali, ya mainchesi 22, yowongolera m'mbali mwa matabwa ofuna kulumikiza, monga a tebulo kapena chitseko. Amene ali ndi ndalama za puleni imodzi yokha achita bwino kuyamba ndi nambala 5, pakuti imagwirako ntchito zonse zitatu. Mpeni wa nambala 4 ndi wa nambala 5 ndi wofanana, wa mainchesi 2 m'lifupi, ndipo mpeni wa Record umaloŵa bwino mu Stanley. Kotero mapuleni aŵiri opunduka angathe kubala puleni imodzi yamoyo.

Ubwino wa zida zakale suli pa ukalamba wake, pakuti zoipa zinalipo ndi kale lomwe. Ubwino wake uli pakuti zinapangidwa kuti zizinoledwa, kumasulidwa ndi kukonzedwa. Chitsanzo chabwino ndi sowo. Masowo ambiri a masiku ano ali ndi mano akuda oumitsidwa kufakitale, ndipo tupa imangoterereka pa mano otere. Akabuntha, sowoyo yatha. Sowo yakale imamva tupa, ndipo mwini wake angathe kuinola kaŵirikaŵiri kwa zaka zambiri.

Tsono pogula, maso a wogula ayenera kusiyanitsa chilema chochizika ndi chilema chosachizika. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chida chopakidwa utoto watsopano chingathe kubisa mng'alu, pamene chida chofiira ndi dzimbiri chingathe kukhala chabwinobwino. Dzimbiri la pamwamba, chigwiriro chosweka kapena chofumbwa, ndi mpeni wobuntha, zonsezi n'zochizika. Mmisiri angathe kusema chigwiriro china ndi kachidutswa ka mlombwa madzulo amodzi okha.

Mng'alu ndiwo wosachizika. Thupi la puleni ndi la chitsulo chosungunula, chofanana ndi cha mapoto a miyendo itatu, chimene sichipindika koma chimasweka chikagwa pa simenti. Wogula ayang'anitsitse pakamwa potulukira mpeni ndi m'mbali monse, ndipo akaona mzere wosweka kapena chipsera cha kuwotcherera, aisiye puleniyo. Agonekenso lula yachitsulo kunsi kwake, naiyang'anitse kudzuŵa. Kuŵala kukamadutsa kwambiri pakati, ndiye kuti kunsiko n'kopotoka. Aŵerengenso ziŵalo zonse, makamaka mpeni, chitsulo chophimba mpeni ndi chotsekera chake, chifukwa chiŵalo chosoŵa chingathe kudula kuposa puleni yonse.

Tchizulo aiyang'ane kumsana kwake, mbali yosalala ija. Dzimbiri likakumba timaenje pafupi ndi nsonga, tchizuloyo sidzathwa bwino, pakuti kaenje kalikonse kofika pa nsonga kamasanduka gweru. Nsonga yosanduka yobiriŵira isonyeza kuti wina anaipsereza pa makina onolera, ndipo chitsulo chinafeŵa pamalopo. Sowo aiyang'ane ndi diso limodzi kuchokera kuchigwiriro kufikira kunsonga. Mano oguluka angathe kusemedwanso ndi tupa, koma sowo yopindika mwadzidzidzi pamalo amodzi ndi yovuta kuwongola. Sikweya aiyese pa thabwa la m'mbali mowongoka: alembe mzere, aitembenuze, alembenso wina pomwepo. Mizere iŵiriyo ikasiyana, sikweyayo ndi yabodza, ndipo chitseko chilichonse chopimidwa nayo chidzakana kuloŵa m'felemu.

Chida chikafika kunyumba, ntchito yochidzutsa siifuna ndalama zambiri. Palafini amafeŵetsa masikuluwu ouma, ndipo wokonza adikire tsiku lathunthu m'malo mokakamiza ndi kuthyola. Dzimbiri limachoka ndi sandipepa wosalala wonyoŵetsedwa ndi palafini yemweyo. Mpeni unoledwe pa mwala wothiridwa mafuta, mopendekeka madigiri 25 mpaka 30, kenaka kumsana kwake kugonekedwe pamwalapo kuti kansenga ka kunsonga kachoke. Pomaliza chitsulo chonse chipakidwe mafuta pang'ono, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene chinyontho chimabweza dzimbiri msanga.

Pa okishoni, wanzeru amafika m'maŵa nthaŵi yoonera katundu, nasankhiratu mumtima mtengo umene sadzaupitirira. Mpikisano ukatentha, anthu amaiŵala kuti anadzera kutchipa. Zida zabwino kaŵirikaŵiri sizikhala pamwamba; zimabisala m'mabokosi osakaniza, pakati pa maloko opanda makiyi ndi misomali yopindika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene wabwera chimanjamanja Loŵeruka lino asataye mtima, pakuti bokosi la zida silidzala mwezi umodzi.

Koma pali chinthu chimodzi chimene wofuna zotchipa sayenera kuchiiŵala. Zida zambiri zakale zimagulitsidwa chifukwa mwini wake wamwalira, ndipo wogulitsa amakhala mayi wamasiye wosadziŵa mtengo wake. Kugula motsika kwa wamalonda wapamsika ndi luso, koma kupezerapo mwayi pa chisoni cha mayi wotere ndi kuba. Wogula afunsenso ngati wogulitsayo ali ndi ufulu pa katunduyo, pakuti lamulo la chuma cha masiye limene linakhazikitsidwa m'Malaŵi mu 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Bokosi la zida lingathe kukhala choloŵa chokhacho cha mwana amene akanatha kudzadya nalo. Chimodzimodzinso chida chokhala ndi chizindikiro cha sukulu kapena cha boma, chogulitsidwa mobisa kuseri kwa msika, n'choyenera kuchipeŵa.

Mawu otsiriza apite kwa omvera amene akusunga zida zotere osazigwiritsa ntchito. Ogula zitsulo zakutha amayenda m'midzi ndi sikelo, ndipo kwa iwo puleni ya Record ndi khasu lotha n'chimodzimodzi, zonse amagula pa kilo kuti zikasungunulidwe. Puleni imene yasungunulidwa siibweranso. Ndi bwino kuyamba kuionetsa kwa kalipentala wapafupi, amene adzapereka mtengo woposa wa sikelo, kapena kuipatsa mwana wa m'mudzi amene waphunzira ntchito. Mwa njira imeneyi chida chimene chinapala mabenchi a tchalitchi m'masiku a agogo chidzapalanso madesiki a sukulu ya zidzukulu zawo.