Chotupa cholimba pafupa la mwana: zomwe ndinayankhula ku kalabu

Ine si dokotala, Fomu 4 ndalemba chaka chathachi, koma nkhaniyi ndaiona m'nyumba mwathu momwe.

Mng'ono wanga ali ndi zaka 6, tinamupeza ndi kachotupa m'munsi mwa bondo. Kolimba gwa ngati mwala, kosasuntha, kosapweteka. Patatha chaka kena kanatuluka paphewa, kena pamkono. Nanga kwathu kuno simukudziwa mmene zimakhalira? Ena amvekere amulodza, ena akuti anaponda mankhwala kudimba. Anamutema mphini kawiri konse. Chotupa osachoka, m'malo mwake bala n'kuyamba mafinya.

Anatitsegula m'maso ndi a clinical officer oona za mafupa kuchipatala cha boma. Asanamujambule n'komwe X-ray, anafunsa kuti, “Kumtundu kwanu alipo wina ali ndi zoterezi?” Abambo anangopinda buluku n'kuonetsa bondo lawo. Zaka zonsezi iwo ankangoti ndi mmene analengedwera basi.

Matendawa pa Chingerezi amati hereditary multiple exostoses. Fupa limachita ngati laphuka nthambi chakumapeto kwake, komwe limakulira. Ndi osowa, amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 50,000. Kholo likakhala nawo, mwana aliyense wobadwa zimakhala theka-theka, atengera kapena ayi. Mwana akasiya kukula, zotupazo kawirikawiri nazonso zimaima. Madokotala sachotsa zonse ayi, amachotsa chimene chikupweteka, chikupana mtsempha kapena kupinditsa mkono ndi mwendo.

Koma apa mundimvetse bwino, musakanene kunyumba kuti chotupa cha pafupa n'chosaopsa. Chikamakula msanga, n'kumapweteka mpaka munthu osagona usiku, makamaka pafupi ndi bondo kwa achinyamata ngati ife, ikhoza kukhala khansa ya m'mafupa, ndipo imeneyo siidikira kuti mugulitse kaye fodya. Thupi likamatentha, pamalopo n'kutupa, mwina fupa lalowa tizilombo. Pongogwira ndi dzanja, ine ndi inu sitingasiyanitse. Mpofunika kujambula.

Ndiye yambirani pachipatala chathu cha Dzoole, kabuku ka kuchipatala kali m'manja, akutumizeni ku Dowa. Mukanene kuti chinayamba liti, zilipo zingati, komanso ngati wachibale ali nazo. Zikavuta, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa cha LION, ndipo ku Blantyre kuli Beit CURE, yomwe inatsegulidwa mu 2002 ndipo ana amawachita opaleshoni ulere. Chovuta ndi thiransipoti, zoona, ife mpaka mbuzi inapita.

Mng'ono wangayo pano ali Sitandade 5, mpira amamenya ndithu. Mwezi wamawa tikukamuonetsanso chifukwa mkono wamanzere wayamba kukhota. Chithunzi chake cha X-ray ndabwera nacho, ofuna kuona bwerani cha pawindo apa pamene pakuwala.