MAKATONI A PULOFESA BELL: MUNTHU AMENE ANASIYA NTCHITO KATATU

Ndikudziwa kuti ena mwachokera ku ntchito, ena mukulowa ya usiku, ndiye sindichedwa ayi.

Nkhani yanga lero ndi ya makatoni. Ku New York University, kumene amasungirako zolembedwa zakale, kuli makatoni a mapepala a pulofesa wina wa zamalamulo, a Derrick Bell. M'menemo muli makalata awo, zomwe ankayankhula m'misonkhano, zomwe ankaphunzitsa m'kalasi komanso zolemba zomwe pambuyo pake zinasanduka mabuku. Ndikufuna tione kuti bamboyu anali ndani, ndiponso kuti n'chifukwa chiyani anzathu kuno sataya mapepala a anthu otere.

A Bell anabadwa mu 1930 ku Pittsburgh. Anamaliza maphunziro a zamalamulo mu 1957 pa University of Pittsburgh, ndipo m'kalasi mwawo wakuda anali okha. Analembedwa ntchito m'boma, ku unduna wa zachilungamo, nthambi yoona za ufulu wa anthu. Ntchito yabwino, yapenshoni. Koma mabwana anati, bambo, inu ndinu membala wa NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, ndiye kabwezeni khadi. Khadi lake linali la madola awiri basi. Iwo anakana, ndipo mu 1959 anasiya ntchito ya boma n'kusunga khadi. Kumeneko n'kusiya koyamba.

Kenako a Thurgood Marshall anawatenga kukagwira ntchito ku gulu la maloya a NAACP. Kumeneko a Bell anayang'anira milandu yoposa 300 yothetsa tsankho m'masukulu, yambiri ya kum'mwera, madera ngati Mississippi kumene loya wakuda ankalowa m'khoti asakudziwa ngati afike kunyumba wamoyo.

Mu 1969 anapita kukaphunzitsa ku Harvard, ndipo mu 1971 anakhala wakuda woyamba kupatsidwa tenure pa sukulu ya zamalamulo kumeneko. Tenure imeneyi ndiye kuti mpando ndi wako mpaka kupuma, palibe angakuchotse chisawawa. Mu 1980 anasankhidwa kukhala dean, mkulu wa sukulu ya zamalamulo, ku University of Oregon. Nthawi imeneyo munthu wakuda kutsogolera sukulu ya azungu ngati imeneyo zinali zosowa kwambiri.

Tsono tamverani zomwe zinachitika mu 1985. Sukulu inkafuna mphunzitsi. Pa mndandanda panali anthu atatu, wachitatu anali mayi wa mtundu wa ku Asia. Awiri oyambawo anakana ntchito. Mwa nzeru zanga ndi zanu, ntchito imayenera kupita kwa wachitatu, si choncho? Koma aphunzitsi anzawo anati ayi, tiyambirenso kufunafuna. A Bell anatula pansi udindo. Onani bwino apa: mayiyo sanali wakuda, sanali wakwawo, sanali mbale wawo. Ife tikanati, zindikhudza bwanji? Iwo anataya u dean chifukwa cha iyeyo. Kusiya kwachiwiri kumeneko.

Anabwerera ku Harvard mu 1986. Mu 1990 analengeza kuti akupita ku tchuthi chopanda malipiro, ndipo sabwerera mpaka sukulu itapereka tenure kwa mayi wakuda, poti chikhalire inali isanaperekepo. Chaka chomwecho mkazi wawo, mayi Jewel, anamwalira ndi khansa. Malamulo a Harvard sankalola tchuthi kupitirira zaka ziwiri, ndiye mu 1992 ntchito inatha. Kachitatu. Anakaphunzitsa ku New York University mpaka kumwalira kwawo mu 2011, n'chifukwa chake makatoni aja ali kumeneko.

Apa wina afunsa kuti, nanga zinathandiza chiyani? Funso labwino, tisalizembe. Harvard sinagwedezeke msanga. Mayi wakuda woyamba kupatsidwa tenure pa sukulu ya zamalamulo ija, a Lani Guinier, anabwera mu 1998, patapita zaka 8. Ndipo si akuda onse anali mbali ya a Bell. Mnzawo wa pa Harvard pomwepo, pulofesa Randall Kennedy, analemba mu 1989 kutsutsa mfundo zawo poyera. Komanso tinene chilungamo, pulofesa wotchuka akasiya ntchito pena, pena amamuitana. Inu ndi ine, amene pepala lokhalira m'dziko muno lamangiriridwa kwa bwana, ndipo kumudzi akudikira fizi ndi ya feteleza, sitingangonyamuka choncho. Ndiye sindikuuza munthu kuti mawa akasiye ntchito. Ndikungoti pali anthu amene anali ndi mzere woti apa sindidutsa, ndipo anaulemba pa pepala, n'kusaina.

Mfundo yawo imene ndikufuna mupite nayo kunyumba anailemba mu 1980 mu Harvard Law Review. Tonse tinamva za mlandu wa Brown v. Board of Education wa mu 1954, pamene khoti lalikulu linagamula kuti kupatula ana m'masukulu potengera khungu n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Anthu ankati mitima ya azungu yafewa. A Bell anati dikirani kaye. Wamphamvu amakupatsa ufulu pokhapokha chofuna chako chakumana ndi chofuna chake. Nthawi imeneyo America inkalimbana ndi Soviet Union, ndipo mbali zonse zinkanyengerera mayiko a ku Africa ndi ku Asia amene ankayandikira kudzilamulira. Ungauze bwanji Mwafirika kuti tsatira ine, pomwe kwanu mwana wakuda saloledwa m'kalasi limodzi ndi mzungu? Ndiye kuti ifenso Aafirika tinalimo mu mlandu umenewu, osadziwa.

Ena anati a Bell angokhala munthu wokayikira chilichonse. Koma mayi wina wofufuza mbiri, a Mary Dudziak, anakatsegula makatoni a boma, makamaka a unduna woona za kunja, n'kupeza makalata osonyeza kuti akuluakulu ankadandauladi kuti tsankho likuipitsa dzina la America kunja. Buku lawo, Cold War Civil Rights, linatuluka mu 2000. Mwaona ntchito ya makatoni? Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma amagonera kuti ngati palibe anawasunga?

Zosungidwa sizisankha mwini. Mu 1990 mnyamata wina wa sukulu, Barack Obama, anayankhula pa msonkhano wa ophunzira oikira kumbuyo a Bell, n'kuwakumbatira. Kanema anasungidwa. Mu 2012, nthawi ya kampeni, adani a Obama anamuvumbulutsa kuti amuipitse. Zimawawa, komabe ubwino wake ndi woti aliyense anatha kudzionera yekha zomwe zinanenedwa, osadalira zoti akuti akuti.

Ku ntchito kwathu ife anamwino timaphunzitsidwa kuti chomwe sunalembe mu fayilo ya wodwala, ndiye kuti sunachite. Ungalumbire kuti mankhwala ndinapereka, koma ngati palibe pa pepala, pa mlandu ugwa. Mtundu wa anthu nawonso ndi chimodzimodzi.

Taganizani za kwathu. Mu 1964 a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume ndi a Augustine Bwanausi atachotsedwa unduna, anzawo monga a Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Masauko Chipembere anatula pansi maudindo okha. Ndiye zosiya ntchito chifukwa cha mfundo si zachilendo kwa ife ayi. A Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mayi Vera Chirwa anatuluka mu 1993, ndipo tiwathokoze kuti analemba buku la moyo wawo. Koma nkhani zimenezi tikamakangana pano, ambiri timatsamira pa zomwe anatiuza amalume. Wa Kongeresi ali ndi yake, wa UDF yake, wa kumpoto yake, wa kum'mwera yake, basi n'kuyamba kutukwanizana.

Pempho langa ndi laling'ono. Kwanu kuli sutikesi kapena thiranki ya abambo, ya agogo amene anali aphunzitsi, a kalaliki a khoti, abusa, kapena amene anakhalapo ku Mikuyu. Maliro akatha timagawana malaya ndi njinga, mapepala n'kupita kokulungira mandasi kapena kudyedwa ndi chiswe. Chonde, mukamatumiza ndalama mwezi uno, imbani foni muwauze kuti thiranki ija asaigwire. Mukapita ku holide, jambulani pepala lililonse ndi foni yanu. Zomwe banja lavomereza, kafunseni ku National Archives ku Zomba kapena ku laibulale ya yunivesite ngati angazisunge. Ndipo inu maloya ndi aphunzitsi muli muno, makalata anu musamang'ambe, ngakhale amene akukuchititsani manyazi.

Ndaona a tcheyamani ayang'ana wotchi. Amene akutsutsana nane, bwerani, mpata wa mafunso ulipo.