Za Zikumbu Zosaka Mbozi: Mau Onenedwa kwa Mafumu ndi Mamembala

A Pampando, inu Mafumu eni nthaka, ndi inu abale athu ochokera ku Kawale, ku Biwi, kwa Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona, tipempha kuti mutchere khutu. Mrandu umene tadza nawo lero ngwa kanthu kakang'ono kamene tikaponda osakaona, koma ukhudza mitengo imene tibzala chaka ndi chaka, ndiponso chimanga cha m'madimba mwathu.

Mukafukula masamba onyowa patsinde pa mtengo, kapena kugubuduza mwala, kawiri-kawiri muona chikumbu chakuda cha miyendo yaitali chirikuthawa ndi liwiro. Zikumbu zambiri za mtundu umenewu sizidya tsamba ai. Chakudya chao ndicho mbozi, mphutsi, ndi mazira a tizirombo tina. Usana zibisala, ndipo usiku zituruka kukasaka.

Anthu a nzeru anayamba kale kufufuza ntchito ya alenje amenewa. Cha m'1869, ku Medford m'dziko la Amereka, munthu wina dzina lake Trouvelot anali kusunga mbozi za ku Ulaya, pofuna kupeza ulusi wa silika. Zina zinapulumuka, ndipo popeza kunalibe mdani wozidya, zinaswana kufikira zinasadzula nkhalango zathunthu. Tsono pakati pa 1905 ndi 1910 Boma la kumeneko linakatenga ku Ulaya chikumbu chobiriwira chotchedwa Calosoma, ndipo A. F. Burgess analemba makhalidwe ake onse. Anapeza kuti chikwera m'mitengo kulondola mbozi, kuti chimodzi chikhoza kupha mbozi mazana pa nyengo imodzi, kuti ana ake omwe ali alenje, ndi kuti nyengo ya chisanu chigona m'nthaka. Sichinathe mbozi zonse, pakuti chiswana pang'ono-pang'ono. Koma chinakhazikika, nichithandiza kuchepetsa chionongeko.

Musayese kuti nzeru iyi nja kutali kokha. M'1986 nsabwe za mitengo ya mkungudza zinaoneka m'Malawi muno, nthawi yoyamba m'Afrika monse, ndipo mitengo yambiri inafiira niuma, osasiya ngakhale mkungudza wa pa phiri la Mulanje. Ofufuza za nkhalango a ku Zomba anadziwa kuti phiri silipoperedwa mankhwala. Chotero m'zaka za m'ma 1990 anamasula kamavu kakang'ono kamene kaikira dzira m'kati mwa nsabwe. Momwemonso, nankafumbwe wamkulu atalowa kuchokera ku Tanzania, anatengera kuno kachikumbu ka ku Central America kodya ana ake. Adani awa anachita kukatengedwa kutsidya la nyanja ndi ndalama zambiri. Koma zikumbu za pansi tiri nazo kale, zaulere, m'nthaka yathu yomwe.

Nanga ife tizichitira chiyani? Choyamba, tizitentha. Kuyambira mwezi wa August anyamata osaka mbewa ayatsa tchire m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi, ndipo moto upsereza masamba amene zikumbu zibisalamo. Chachiwiri, tisesa patsinde pa mitengo mpaka pakhala dothi louma ngati bwalo la mpira, nkutentha zinyalala zonse madzulo. Chachitatu, tigula pamsika mankhwala otsanulidwa m'timabotolo topanda dzina, nkumawaza osayesa. Mankhwala otere sasankha. Apha wakuba pamodzi ndi mlonda. Ndipo popeza mbozi iswana msanga koposa chikumbu, wakuba ndiye ayamba kubwera, napeza pakhomo palibe womletsa.

Mukumbukira mbozi zachilendo zimene zinadya chimanga m'2017, kufikira Boma linalengeza ngozi m'maboma 20. Mbozi imeneyo ikakhuta itsikira m'nthaka kukagona isanasanduke gulugufe, ndipo m'menemo ndimo zikumbu ndi nyerere ziipeza. Munda wophimbidwa ndi mapesi usunga alenje. Munda wotenthedwa uwapitikitsa.

Chifukwa chake tiika pamaso panu mapempho atatu.

1. Kuti Mafumu aletse moto wa mbewa m'madimba, m'mbali mwa mitsinje, ndi pa malo onse pamene pabzalidwa mitengo. Ndipo woyatsa aitanidwe ku bwalo.

2. Kuti pa nyengo yobzala mitengo, imene iyamba pa 15 December, mtengo uli wonse wa pa sukulu, pa tchalitchi, pa mzikiti ndi pa manda uikidwe masamba kapena udzu pozungulira pake, motalikirako pang'ono ndi tsinde chifukwa cha chiswe.

3. Kuti membala asawaze mankhwala asanafunse mlangizi wa ulimi, ndi kuti asagule botolo lopanda dzina.

Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kuchokera madzi amene timwa, irikuchepa ndi nkhwangwa ndi makala. Choncho mtengo uli wonse wa m'mudzi mwathu wakhala wa mtengo wake wapatali. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Khomo limodzi likasunga masamba, anansi nkutentha, zikumbu sizitsala. Lamulo lotere lifuna mau a Mfumu, ndipo ife tikhala kuyembekeza yankho lanu pa msonkhano ulinkudza.