MALUWA OSAOPA CHIRIMWE: ZA CHIKANDE NDI ABALE ACHE

Mau olankhulidwa kwa mafumu, aphunzitsi ndi eni midzi



Anthu ambiri adziwa chikande monga ndiwo. Amai amakumba timbatata tache ku dambo kapena ku phiri, natitsuka, natisinja, naphika pamodzi ndi nsinjiro, chidulo, mchere ndi tsabola kufikira chitalimba ngati nyama. Ena achitcha chinaka, ndipo ku Zambia amati chikanda. Koma ali owerengeka amene adziwa kuti chomera chimenechi chiri m'banja la maluwa amene Azungu amati orchid. M'dziko la Malawi muli mitundu ya maluwa amenewa ngati 400, ndipo pa Nyika pokha pali mitundu yoposa 200. Ina imamera pa mitengo, koma nkhani ya lero iri ya imene imamera pansi.

Funso limene anthu afunsa ndi ili: kodi maluwawa angabzalidwe pakhomo, pamene madzi ali obvuta? Ena angathe, ena ai, ndipo nkofunika kuwasiyanitsa.

Poyamba munthu adziwe makhalidwe ache. Pa dzinja chomerachi chimaphuka, chimachita maluwa, ndi kusunga chakudya ndi madzi m'kambatata kache. Mvula ikatha, mitundu yambiri imaumitsa masamba nigona pansi miyezi yonse ya chirimwe. Wosadziwa amayesa kuti yafa kapena iri ndi ludzu, nathira madzi tsiku ndi tsiku, ndipo kambatata kamabvunda. Pakhomo maluwawa amafa ndi madzi ochuruka kawirikawiri koposa ndi dzuwa.

Imene ibvomera msanga pakhomo ndiyo ya mtundu wochedwa Eulophia. Umodzi, Eulophia speciosa, uli ndi masamba onenepa ndi maluwa achikasu pa phesi lalitali lofika m'chuuno mwa munthu. Timbatata tache timalumikizana pansi pa nthaka monga mikanda. Wina, Eulophia petersii, ndiwo wopirira koposa. Umamera pakati pa miyala ku malo otentha, masamba ache ngolimba a timano m'mphepete, ndipo zotupa zache zonga anyezi zimakhala poyera pamwamba pa nthaka. Dzina lache lichokera kwa Wilhelm Peters, munthu wa ku Germany amene anayenda m'chigwa cha Zambezi ku Mozambique m'zaka za m'ma 1840 kusonkhanitsa zomera ndi nyama.

Kabzalidwe kache nkosabvuta. Mwini khomo asankhe malo okwera, osaima madzi, oomba dzuwa la m'mawa. Asakanize mchenga wa ku mtsinje wa maso akuru ndi masamba oola a pansi pa mitengo, naonjeze tizidutswa ta njerwa kapena makala. Ndowe zaziwisi zisafikepo, pakuti ziocha mizu. Pamene nthaka iri ya makande, aunde nthumbira, kapena atenge mphika wakale nauboole pansi. Nthawi yabwino yogawa mbeu ndi mwezi wa October, mvula isanagwe. Adule ndi mpeni woyera, chigawo chiri chonse chikhale ndi timbatata titatu kapena kuposa, apake phulusa pa bala, nachisiye pamthunzi masiku awiri kuti chiume. Ya maluwa achikasu ikwiriridwe pang'ono chabe. Ya zotupa zonga anyezi ikhazikidwe pamwamba, mizu yokha ndiyo ilowe m'nthaka. Madzi ayambe pamene nsonga yatsopano yaoneka. Adani akuru ndiwo nkhumba, mfuko ndi nkhuku zopalasa, chotero kampanda ka bango nkofunika.

Mbeu munthu apemphe kwa mnzache amene ali nayo kale, kapena apulumutse imene iri pa malo pamene alikutsegula munda kapena mseu. Kukumba m'malo osungidwa ndi Boma, monga Nyika National Park, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1965, ndi mlandu.

Tsopano za chikande chenicheni. Chimenechi chichokera ku mitundu yochedwa Disa, Satyrium ndi Habenaria, ndipo iyi njokana pakhomo. Ifuna nthaka ya dambo kapena ya phiri lozizira kumene inabadwira. Yosamutsidwa ingaphuke chaka chimodzi, kenaka nizimirira. Kufesa njere zachenso nkobvuta. Njerezo nzazing'ono ngati pfumbi, zikwi zambiri m'kachibalo kamodzi, ndipo ziribe chakudya m'kati monga chiri m'chimanga kapena nyemba. Sizimera pokhapokha zitakomana m'nthaka ndi timaulusi ta bowa tosaoneka ndi maso, timene timadyetsa kambeuko. Zitamera, zipita zaka zingapo zisanachite maluwa.

Pano ndipo pagona bvuto. Pa tsinde la chikande pamakhala timbatata tiwiri: kofota ka chaka chatha, ndi kolimba kamene kadzaphuka chaka cha mawa. Wokumba amatenga kolimbako, ndipo chomeracho chathera pomwepo. Kale amai amakumba tochepa ta ndiwo za panyumba, dambo nilibwezera. Koma chikande chinasanduka malonda a m'matauni. Akatswiri awiri, Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi, analemba m'chaka cha 2003 kuti timbatata toposa mamiliyoni awiri timachoka ku mapiri a kumwera kwa Tanzania kupita ku Zambia chaka chiri chonse. Nchimodzi mwa zifukwa zimene Boma la Tanzania linatsekera phiri la Kitulo m'chaka cha 2005 kuti likhale malo osungira maluwa.

Chotero dimba la chikande ndilo dambo lomwelo, ndipo osunga ache ndiwo mafumu. Mfumu ingathe kugawa dambo, mbali ina ipume zaka zingapo, ndi kuletsa kukumba kufikira zibalo zitauma ndi kumwaza njere. Okumba asiyeko zomera zina pa malo ali onse, nakwirire maenje.

Aphunzitsi ayese bedi limodzi la Eulophia pa sukulu. Ana azike kamtengo pa mbeu iri yonse kuti khasu lisaidule pamene yagona, nalembe m'kope tsiku lophuka ndi tsiku la duwa loyamba. Pa tchuthi cha chirimwe bedilo silifuna wothirira.