Mphunzitsi akatopa mtima, wovutika ndi mwana

 Ine ndine mlimi wa chimanga ndi kachewere, sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Koma ndapempha mpata kuti ndilankhulepo za sukulu zing'onozing'ono zimene anthu akutsegula paokha kuno ku Angónia, makamaka zamkaka zija timati escolinha.

Sukuluzi n'zabwino ndithu, ana athu akudziwa zilembo adakali aang'ono. Vuto lili pa eni ake ena. Munthu amayamba bwinobwino, koma ana akachuluka, ndalama n'kuyamba kulowa, basi wasanduka mkango.

Mlongo wanga anaphunzitsapo pa sukulu ina yotere, dzina sinditchula. Ankafika kusanache kuti asese ndi kutunga madzi, kenako kuphunzitsa, kenako kuphika phala la ana. Akaweruka, bwana amati pita m'midzi ukakope makolo. Malipiro akachedwa iye n'kufunsa, yankho linali lakuti ofuna ntchito ndi ambiri, khomo ndi ilo. Kukalipira kwake kunali pamaso pa ana. Atadwala malungo anamudula ndalama. Mtsikana amene ankaimba ndi ana tsiku lonse anayamba kusowa tulo, mutu kuwawa, kupsa mtima ndi kanthu kakang'ono. Mapeto ake anasiya, anzake awiri n'kumutsatira.

Abale anga, umenewu si ulesi ayi. M'chaka cha 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti kutopa kotereku kumabwera chifukwa cha kupanikizika pantchito kwa nthawi yaitali. Zizindikiro zake n'zitatu: mphamvu kutheratu, mtima kuchoka pa ntchito, ndiponso ntchito yosayendanso bwino ngati kale. Nalonso lamulo la ntchito la dziko lathu la Mozambique, la 2007 lija ngakhale latsopano la 2023, likuti ntchito ya masiku onse ndi maola 8 patsiku, 48 pasabata.

Ife alimi izi timazidziwa. Ng'ombe yapangolo ukaimenya tsiku lonse, osaimasula m'goli kuti idye ndi kumwa, mawa imagona pamsewu katundu ali pomwepo. Nanga munthu?

Ndiye wovutika ndani? Ndi mwana wanu ndi wanga. Chaka chimodzi aphunzitsi atatu, wina akangomuzolowera wachoka. Ndalama tagulitsira nyemba zathu zapita, mwana osadziwa ngakhale kulemba dzina lake.

Pempho langa lili patatu. Choyamba, tikamakalembetsa mwana tisamangoona penti wa pakhoma. Tifunse kuti aphunzitsiwa akhala pano nthawi yaitali bwanji, nanga amalandira pa nthawi yake? Chachiwiri, sukulu iliyonse ikhale ndi komiti ya makolo, kumene mphunzitsi angakadandaule osaopa kuchotsedwa. Mutu umodzi susenza denga. Chachitatu, inu eni sukulu, wolakwa muitanireni pambali, mupatseni tsiku lopuma, ndipo ndalama zikavuta muuzeni zoona.

A wapampando, ndikupempha kuti nkhaniyi tiitumize ku wailesi, aitane eni sukulu ndi aphunzitsi akambirane tonse tikumva. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo aphunzitsiwa ndi ana athu omwe.