Zirombo za m'Nthano za Angerezi

Lero tikambirane mau anai amene asokoneza ophunzira ambiri, pakuti ali maina a zirombo zimene palibe munthu anaziona ndi maso. Angerezi naonso ali ndi nthano zao monga ife, ndipo wowerenga mabuku ao ayenera kudziwa kusiyanitsa nyama yeniyeni ndi nyama ya m'nthano.

Liu loyamba ndi dragon. Ici ndi cinjoka cacikuru ca mamba ndi mapiko, coturutsa moto m'kamwa. Kuti mucimvetse, kumbukirani Napolo, amene makolo amati akaturuka m'phiri agumula nthaka ndi kukokolola midzi. Anthu a ku Wales anaika dragon wofiira pa mbendera yao, imene inabvomerezedwa mu 1959.

Laciwiri ndi unicorn, kavalo woyera wa nyanga imodzi pamphumi. Pa cizindikiro ca mafumu a Britain iye aimirira moyang'anana ndi mkango: mkango uimira England, unicorn aimira Scotland. Mwana wanu akafunsa nkhalango imene apezekamo, muuzeni kuti mkango ulipo, koma mnzaceyo kulibe.

Lacitatu ndi mermaid, mkazi kuyambira kumutu kufikira m'cuuno, koma kunsi kwace nsomba. Mu 1493 Columbus anati anaona atatu m'nyanja, koma akatswiri akhulupirira kuti zinali nyama za m'madzi zochedwa manatee.

Lacinai ndi goblin, kamunthu konyansa ndi kankhanza kokhala m'mapanga. Liu ili likhudza inu a pansi pa mgodi. Ku Germany kacirombo kotere amakacha kobold. Kale anchito a m'migodi ya kumeneko anali kupeza mwala wooneka ngati wa siliva, koma pousungunula siliva sanaturuke. Munaturuka utsi waululu wa arsenic umene unawadwalitsa. Iwo anati kobold ndiye waba siliva ndi kusiya mwala woipa. Ca m'ma 1735 Georg Brandt wa ku Sweden anasonyeza kuti m'mwalamo munali citsulo cina cimene anthu sanacidziwe, ndipo dzina la kacirombo kaja linatsalira pa citsuloco. Ndico cobalt, cimene cakumbidwa pamodzi ndi mkuwa m'migodi yathu monga wa Nkana.

Taonani, abale: kobold kunalibe, koma utsi uja unalipo, ndipo kuloza cala kacirombo ka m'nthano sikunaciritse cifuwa ca munthu ngakhale mmodzi. Cotero polemba mau anaiwa m'kabuku kanu, lembani pambali pace kuti "za m'nthano." Koma mukaona mau akuti gas, fumes kapena danger pa cikwangwani ca pa mgodi, dziwani kuti amenewo sali nthano iai.