Munthu Ali Ngati Chitsime



Lero tisinkhesinkhe mau amodzi a Chilatini: haurire, ndiye kuti kutunga madzi. M'Baibulo la Chilatini, limene Jerome Woyera adayamba kukonza m'chaka cha 382, mauwa timawapeza pa Yohane 4:7, pamene mai wa ku Samariya adafika pa chitsime cha Yakobo dzuwa lili paliwombo. Aliponso pa Yesaya 12:3, pamene Papa Pius XII adatengapo dzina la kalata yake ya 1956 yonena za Mtima Woyera wa Yezu, Haurietis Aquas.

Chilatini chidabala ana, ndipo anawo adasunga mauwa modabwitsa. Ataliyana akamatunga madzi amati attingere, koma haurire adatsalira mu esaurire, kutunga mpaka chitsime kuphwa. Munthu wotheratu mphamvu amamutcha esaurito. M'Chipwitikizi, chimene abale athu a ku Tete amalankhula, muli exaurir ndi exausto, tanthauzo lake lomwelo. Afalansa adataya haurire, natenga puiser kuchokera ku puits, chitsime. Komabe wolefuka amamutcha épuisé. Mitundu itatu, nzeru imodzi: munthu ali ngati chitsime, angathe kutungidwa mpaka kuuma.

Ife a ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi zimenezi timaziona ndi maso. Mu Okutobala, zitsime za m'madambo zikaphwa, amai a ku Mpherere ndi ku Mponela amalawira tambala woyamba, natsikira kuchigwa, nadikira madzi odza pang'onopang'ono, kutunga ndi chikho. Pobwera akwera chitunda, ndowa ya malita 20 pamutu, kulemera kwake makilogalamu 20. Pakhomo nkhuni, mtondo ndi mphika zikuwadikira, ndipo mtsikana wowathandiza wachedwa kusukulu. Iwo atunga madzi, ife titunga iwowo.

Yezu adapempha madzi kwa mai uja, koma sadangotenga ai: adamulonjeza kasupe wosaphwa, mwakuti maiyo adasiya mtsuko wake. Nanga ife timabwezera chiyani?

Inu abambo, njinga yonyamula mabelo a fodya ingakane chigubu cha madzi kodi? Mjigo ukaonongeka, sonkhani msanga uukonzedwe. Anyamata, landirani ndowa ya mlongo wanu popanda manyazi. Akulu adati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Tisadikire kuti amai athu agone pamphasa kuti tidziwe kuya kwao.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.